Alonda Awiri a Nkhokwe

Palibe munthu wokulira m'mudzi amene sadaonepo galu ataima patsinde pa mtengo, akuuwa ndi kukanda khungwa, pamene mphaka ali phee panthambi akumuyang'ana. Ana akaona zimenezi amaseka, ndipo akulu omwe amamwetulira, pakuti onse adziwa kuti galu adzatopa nachoka, ndipo mphaka adzatsika bwinobwino. Koma tsiku limene mtengo uli kutali, palibe choseketsa. M'mawa mwake anthu amapeza mphaka ali gone kudzala, msana utathyoka, ndipo wina amamunyamula pa khasu kukamutaya kuthengo. Ngati mphakayo anali ndi mbuye wake, pamakhala kamlandu pabwalo. Ngati analibe, palibe amene amafunsa kanthu.

Amphaka opanda mbuye ali a mitundu iwiri. Oyamba ndi amene kale anali a pakhomo, koma eni ake anasamuka nawasiya, kapena anawapirikitsa chifukwa cha kuba ndiwo. Iwowa amamudziwa munthu, ndipo akaitanidwa modekha amafika. Achiwiri ndi amene adabadwira kunja, pansi pa nkhokwe, pabwinja, m'ngalande kapena kuseri kwa msika, osagwidwapo ndi dzanja la munthu. Iwowa akakula saweteka. Munthu akawayandikira amathawa, akawatsekera m'nyumba amalusa. Mitundu yonse iwiri ili ndi adani ambiri, ndiwo njala, matenda, mvula ndi magalimoto. Koma mdani amene amagona nawo mudzi umodzi ndiye galu.

Pangano lakale

Mphaka sadayambire m'nyumba. Kholo lake ndi vumbwe, amene mpaka lero amapezeka m'tchire la Africa ndi m'maiko ena oyandikana nawo, ndipo alimi amamudziwa ndi kugwira nkhuku usiku. Pamene anthu akale a kum'mawa kwa nyanja ya Mediterranean adayamba kulima ndi kusunga mbewu, mbewa zidasonkhana pa nkhokwe zawo. Vumbwe adatsata mbewazo nayandikira midzi. Anthu adaona kuti mlendo ameneyu sadya mbewu, koma amadya akuba mbewu, tsono adamuleka kuti akhale. M'chaka cha 2004 akatswiri ofukula zakale analengeza kuti pa chilumba cha Cyprus anapeza manda a zaka pafupifupi 9,500, mmene munthu adaikidwa pafupi ndi mphaka. Pachilumbapo panalibe amphaka mwachibadwa. Ndiye kuti anthu adawaolotsa m'ngalawa, chifukwa adaona kuti sangakhale bwino popanda iwo.

Motero pakati pa munthu ndi mphaka pali pangano lakale losalembedwa: munthu apereka malo, mphaka alonda mbewu. Mphaka wopanda mbuye amasungabe mbali yake ya panganolo, ngakhale palibe amene amamuponyera kamutu ka usipa. Akulu adati khoswe wa pamkhate sapheka, pakuti womuponya mwala aswa mkhate. Mphaka yekha ndiye amamuchotsa pamenepo mkhate uli wathunthu. Khoswe wamkulu ndithu mphaka nthawi zina amamulambalala, koma ana a makoswe ndi mbewa amawatha, ndipo fungo lake lokha limachititsa makoswe kuyenda mwamantha, osadya momasuka.

Chimene chimayendetsa galu

Galu amene amapha mphaka sali mfiti, ndipo sachita mwa nkhanza ngati munthu. Kholo lake ndi mmbulu wa kumaiko a kumpoto, ndipo m'mwazi mwake muli lamulo lakuti kanthu kakang'ono kakathawa kapirikitsidwe. Anthu ndiwo adalimbitsa lamulolo, pakuti kwa mibadwo yambiri ankasankha agalu aliwiro opita nawo ku uzimba kukagwira akalulu ndi agwape. Galu wotere akaona mphaka akudutsa pabwalo mothamanga, miyendo imayamba yokha mutu usanaganize. Kawirikawiri sadya n'komwe mphaka amene wamupha. Amamugwira pakhosi kapena pamsana, namugwedeza mwamphamvu, namusiya pomwepo.

Pali zinthu zitatu zimene zimakulitsa ngozi. Choyamba ndi chigulu. Galu mmodzi mphaka amatha kumuimira, atakhotetsa msana ndi kuimika ubweya, ndipo galu amene adakandidwapo pamphuno saiwala. Koma agalu akakhala anayi kapena asanu, makamaka pa nyengo imene amuna akutsatira wamkazi, amalimbitsana mtima namuzinga mbali zonse. Chachiwiri ndi chakudya chotayidwa pansi, chimene chimaitana galu ndi mphaka pa malo amodzi, pa nthawi imodzi, onse ali ndi njala. Chachitatu ndi bwalo loyera, lopanda mtengo, mpanda kapena bowo. Mphaka ali ndi liwiro pa kamtunda kakafupi kokha, ndipo amatopa msanga, pamene galu amathamanga nthawi yaitali. Mphamvu ya mphaka ili m'mwamba. Wamkulu wathanzi amatha kulumpha mita imodzi ndi theka, ndipo zikhadabo zake zimagwira pamtengo pamene za galu zimaterereka.

Amene amafa kwambiri ndi ofooka: okalamba, odwala, a bere ndi ana. Mphaka amakhala ndi bere milungu 9. Ana ake amabadwa maso ali otseka, ndipo amatsegula patapita mlungu umodzi kapena kuposerapo pang'ono. Pamapitanso milungu ina asanadziwe kukwera. Pa masiku amenewo make, amene akadatha kuthawa yekha, amaima pakhomo pa ana ake kuti amenyane ndi galu. Ndi chifukwa chake nthawi zambiri banja lonse limathera usiku umodzi.

Mlonda wa pachigayo

Panali mkulu wina amene ankalonda chigayo m'mbali mwa mzinda wa Blantyre. Ntchito yake inali kuyambira madzulo mpaka m'bandakucha, ali ndi tochi, chibonga ndi mbaula yootha m'nyengo yozizira. Itatha nthawi yokolola, anthu ankachuluka pachigayo, ndipo amene dzuwa lawalowera ankasiya matumba awo a chimanga m'manja mwake kuti adzagaye m'mawa. Kuseri kwa chigayocho, pansi pa mulu wa matabwa akale, kunkakhala amphaka opanda mbuye. Iye sanawaitane, ndipo iwo sanamuyandikire, koma munthu amene amachezera usiku wonse amadziwa anzake ochezera nawo. Ankawaona akunyang'ama m'mphepete mwa khoma, wina atanyamula mbewa pakamwa.

Patsogolo pa chigayo panali amayi ogulitsa nsima ndi ndiwo kwa anthu odikira. Amayiwo anali achifundo, ndipo poweruka ankakhuthulira makombo pansi pafupi ndi mulu wa matabwa kuti amphaka adye. Sipanatenge nthawi, agalu a m'makomo oyandikana anamva fungo. Poyamba anabwera mmodzi, kenaka atatu, kenaka chigulu. Usiku wina wa mwezi wa June mlonda anamva phokoso kuseri, koma pamene ankafika ndi tochi zinali zitatha kale. Mphaka woyamwitsa anali atafa pamodzi ndi ana ake, ndipo otsala anabalalika osabweranso.

Milungu itapita, matumba anayamba kuoneka obooka. Chimanga chinkatayika pansi, ndipo thumba losiyidwa lodzaza linkapezeka m'mawa litaphwa. Mayi wina anakwiya nati pamaso pa anthu, "Agogo, makoswe ake ati otha chimanga chochuluka chonchi? Kapena makoswewo amavala chikhothi?" Anthu anaseka, koma mkuluyo sanaseke. Mlonda akatchedwa wakuba, watayikidwa ntchito ndi dzina lomwe, ndipo iye anali ndi adzukulu odya m'manja mwake.

Mwini chigayo atamva chiyambi cha nkhaniyo anati, "Tsono titchere nyama ya chiphe, agalu onsewo athe, ndi makoswe omwe." Mlonda anavula chipewa nayankha kuti, "Bwana, chiphe sichiwerenga maina. Chidzapha agalu, inde, koma chidzaphanso nkhuku za anthu ndi mphaka amene adzadye khoswe wakufa, ndipo pano pamasewera ana. Komanso agalu omwewo ndiwo amandidzutsa kukamabwera munthu wachilendo usiku. Mundipatse matabwa akalewo ndi misomali pang'ono, ndiyesepo nzeru ina."

Nzeru yake anaitenga kumudzi kwawo, kumene nkhunda ndi nkhuku amazimangira khola m'mwamba kuopa zilombo. Anazika nsanamira zinayi pafupi ndi khoma, zosasenda khungwa kuti zikhadabo zizigwira, namanga nsanja yotalika kuposa mutu wa munthu. Pansanjapo anaika bokosi lofolera ndi kachidutswa ka lata, m'kati atayala chiguduli chouma. Khomo la bokosilo analiboola laling'ono, la masentimita 15, ndiko kuti lochepera pang'ono kutalika kwa chikhatho cha munthu wamkulu, loti mphaka alowe koma mapewa a galu akanike. Kumbuyo anaboolanso khomo lina, pakuti nyumba ya khomo limodzi ndi msampha. Pabwalo loyera lija anazikapo mizati iwiri itatu yokhala ndi kathabwa pamwamba, kuti mphaka wodzidzimutsidwa asathamange mtunda wautali asanapeze pokwera. M'munsi mwa mpanda wa nsungwi anasiya timipata tating'ono, toti mphaka apyole galu atsale.

Atatha izi anapita kwa amayi ogulitsa nsima nati, "Amayi, mtima wanu ndi wabwino, koma mbale ya pansi ili ndi alendo ambiri. Makombo muzindipatsa ine m'manja. Ndidzaika pamwamba dzuwa lisanalowe, ndipo chotsala ndidzachotsa kusanade." Amayiwo anavomera, ndipo zotsukira mbale anayamba kuzithira m'dzenje lovundikira. Kuyambira pamenepo pansi panalibenso kanthu koitana galu.

Chovuta koposa chinali kulankhula ndi eni agalu. Mmodzi wa iwo anamuyankha kuti, "Madala, galu ndi galu. Kodi ndimuuze kuti aleke kukhala galu chifukwa cha mphaka wopanda mwini?" Mkuluyo anati, "Iyayi bambo, galu wanu alibe mlandu. Koma paja nkhuyu zodya mwana zidapota wamkulu. Lero wapha mphaka wopanda womulirira. Mawa akapha mbuzi ya munthu kapena akaluma mwana wa sukulu, pabwalo adzaitana inu, osati galu. Ndiponso galu amene ali kuchigayo usiku, pakhomo panu akulonda ndani?" Mawu otsirizawa ndiwo anamugwira munthuyo. Anatseka mipata ya mpanda wake, nayamba kumupatsa galu phala la madeya madzulo alionse, ndipo galu wokhuta anapeza kuti kwawo n'kwabwino. Ena anamva, ena sanamve, koma chigulu chinachepa.

Amphaka sanabwerere tsiku lomwelo. Masiku oyamba chakudya cha pansanja chinkadyedwa ndi akhwangwala. Mlonda sanawasake kapena kuwaitana, pakuti ankadziwa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Usiku wina anaona maso awiri akung'anima pamwamba, ndipo mwezi usanathe anali atatu. Matumba analeka kubooka, ndipo anthu anayambanso kusiya chimanga chawo popanda kuchiyeza kawiri.

Ngozi ikachitika

Ngakhale pakonzedwe bwino chotani, tsiku lina galu adzagwira mphaka anthu akuona. Pamenepo munthu asaike dzanja pakati pawo, ndipo ana awachotse msanga. Nyama imene ili pa ululu siona amene akuithandiza. Njira yabwino ndiyo kuwakhuthulira ndowa ya madzi, kapena kumenya chitini mwamphamvu kuti galu adzidzimuke. Mphaka wovulala amufunditse chiguduli, amunyamule nacho, namuike m'bokosi pamalo amdima ndi abata. Bala la mano a galu limanyenga. Kunja kumaoneka timabowo tiwiri, koma m'kati nthiti zingakhale zitathyoka ndi minofu itang'ambika, ndipo bala lotere limachita mafinya msanga. Ndi bwino kuitana mlangizi wa ziweto kapena dokotala wa ziweto tsiku lomwelo.

Palinso chifukwa china chachikulu chochitira zimenezi, ndicho chiwewe. Nthenda imeneyi imayenda m'malovu a nyama yodwala, ndipo anthu pafupifupi onse amene amaitenga amaitenga kwa agalu. Mphaka wolumidwa ndi galu wachiwewe angadwale nayenso, nadzaluma kapena kukanda mwana amene akufuna kumusisita. Zizindikiro zikayamba kuoneka, nthendayi siichizika. Chotero mphaka wolumidwa ndi galu wosadziwika asasewere ndi ana, ndipo a ziweto auzidwe. Munthu aliyense wolumidwa kapena wokandidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, napite kuchipatala mosazengereza kukalandira katemera.

Akatswiri adapeza kuti agalu 70 mwa agalu 100 alionse akabayidwa katemera, chiwewe chimasowa njira yoyendera. M'chaka cha 2015 bungwe la Mission Rabies, mothandizana ndi a boma oona za ziweto, linabaya agalu oposa 35,000 mumzinda wa Blantyre m'masiku 20 a ntchito, ena pa malo osonkhanira, ena poyenda khomo ndi khomo. Munthu amene amapititsa galu wake ku katemera wateteza galuyo, wateteza mphaka wa kuseri kwa nkhokwe, ndipo koposa zonse wateteza ana a m'mudzi.

Kupha agalu si mankhwala

Anthu ambiri akaona mphaka wophedwa amaganiza monga anaganizira mwini chigayo uja, kuti agalu athe basi. Nzeru imeneyi idayesedwapo kale m'mizinda ikuluikulu. Mzinda wa Istanbul, m'dziko la Turkey, udadziwika kuyambira kale ndi agalu ndi amphaka oyenda m'misewu. M'chaka cha 1910 akuluakulu a mzindawo adasonkhanitsa agalu zikwi zambirimbiri, nawaolotsera pa kachilumba ka miyala kotchedwa Sivriada, kopanda chakudya ndi madzi okwanira, ndipo adafera komweko ndi njala ndi ludzu. Anthu a mumzindawo amakumbukirabe zimenezo ndi manyazi. Koma agalu adadzazanso misewu, pakuti pamene pali chakudya chotayidwa, malo a galu wophedwa amalowa galu wina.

Palinso chifukwa china chosaphera agalu, ndipo chikukhudza nkhokwe yeniyeniyo. M'chaka cha 2017 akatswiri anafalitsa zimene anapeza m'midzi ya ku Swaziland, dziko limene kuyambira 2018 likutchedwa Eswatini. Anasankha makomo 40: ena a amphaka okha, ena a agalu okha, ena a zonse ziwiri, ndi ena opanda galu kapena mphaka. Anayesa mmene makoswe ndi mbewa zinkayendera ndi kudya pa makomo amenewo. Anapeza kuti pamene makoswe ankachita mantha koposa ndi pakhomo pokhala galu ndi mphaka pamodzi. Mphaka yekha sanakwanire, galu yekha sanakwanire. Wina amasaka mwakachetechete m'malo opanikiza, wina amapirikitsa pabwalo, ndipo khoswe amasowa kolowera. Kodi si zodabwitsa kuti adani awiriwa amagwira ntchito imodzi osadziwa? Wopha galu kuti apulumutse mphaka wachotsa mlonda mmodzi, ndipo wolekerera galu kupha mphaka wachitanso chimodzimodzi.

Chimene chimathandiza ndi kuwapatula malo. Pakati pa mzinda wa Rome, m'dziko la Italy, pali mabwinja a akachisi akale otchedwa Largo di Torre Argentina, amene adafukulidwa m'zaka za m'ma 1920. Mabwinjawo ali m'munsi mwa msewu, ozingidwa ndi makoma, ndipo amphaka opanda mbuye adawapeza okha nakhazikikamo, pakuti muli mipata yobisalamo ndi miyala yokwerapo, kutali ndi agalu ndi magalimoto. M'zaka za m'ma 1990 anthu odzipereka adakhazikitsa pomwepo malo owadyetsa ndi kuwachiza. Dziko la Italy lidapanganso lamulo m'chaka cha 1991 loletsa kuzunza amphaka okhala mwaufulu, ndi kulamula kuti azitsekedwa kubereka nabwezedwa pamalo pawo. Nsanja ya pachigayo ndi mabwinja a ku Rome n'zosiyana kukula, koma nzeru yake ndi imodzi: malo amene mphaka afika, galu osafika.

Madandaulo a anthu

Sikuti aliyense wodana ndi amphaka alibe chifukwa. Mayi amene anapiye ake atha ali ndi dandaulo loona, pakuti mphaka wanjala sasiyanitsa mbewa ndi mwanapiye, ndipo amagwiranso mbalame za m'tchire. Anapiye amafuna chitetezo chawo, chikwatu kapena khola lotseka bwino, monga mmene amatetezedwera kwa kamtema ndi khwangwala. Amphaka nawonso asachuluke mopyola muyeso. Wamkazi angathe kutenga bere asanakwanitse miyezi 6, ndipo angaswe kawiri kapena katatu pa chaka. Akachuluka chotero mbewa siziwakwanira, amaonda, amadwala, nayamba kuyenda kutali kukafuna chakudya, ndipo m'njira monsemo agalu akuwadikira. Madokotala a ziweto amatha kufula amphaka aamuna ndi kutseka aakazi. M'malo ambiri amadula kansonga ka khutu limodzi kuti chikhale chizindikiro chakuti mphaka ameneyu adathandizidwa kale. Agalu nawonso akafulidwa ndi kutsekedwa, magulu oyendayenda usiku amachepa. Ku Lilongwe bungwe la Lilongwe Society for the Protection and Care of Animals limagwira ntchito zotere.

Dandaulo lina ndi la mantha. Pali anthu amene akaona mphaka wachilendo usiku, makamaka wakuda, amati watumidwa ndi afiti, ndipo amamukhwirizira agalu. Koma mphaka amayenda usiku chifukwa mbewa zimayenda usiku. Maso ake amang'anima chifukwa kumbuyo kwake kuli kanthu konga kalilole kobweza kuwala, kuti aziona bwino mumdima, ndipo maso a galu ndi a ng'ombe amang'animanso chimodzimodzi. Kulira kwake konga kwa khanda ndi kuitanana kwa wamwamuna ndi wamkazi. Zonsezi ndi chibadwa chake, monga kulira kwa tambala m'bandakucha.

Choipa koposa ndi anyamata amene amakhwirizira agalu pa mphaka kuti aseke. Galu wophunzitsidwa chotero saleka pa mphaka. Amapitirira ku nkhuku, ku ana a mbuzi, ndipo tsiku lina kwa mwana wothamanga panjira. Mnyamatayonso amaphunzira kuti chinthu chopanda wochilankhulira angachichite chilichonse, ndipo phunziro limenelo amakula nalo. Kholo lanzeru limaletsa masewera otere tsiku loyamba. Galu ndi mphaka oleredwa pamodzi kuyambira ali aang'ono amadyera pafupi nagona khonde limodzi, ndipo galu wamkulu yemwe amatha kuphunzira kumva mawu a mbuye wake akamuletsa. Udani wawo si wolembedwa pamwala.

Tsono pa zonsezi zofunika si zambiri: nsanamira zingapo, bokosi la makomo awiri aang'ono, chakudya choikidwa pamwamba ndi kuchotsedwa kusanade, dzala lovundikira, galu wokhuta wa katemera amene amagona kwawo, ndi anansi omvana, pakuti mutu umodzi susenza denga. Galu sangasinthe mwazi wake, ndipo mphaka sangasinthe wake. Amene angasinthe kanthu ndi munthu, popeza ndiye adawaitana onse awiri kuti akhale pamudzi pake. Mwini nkhokwe amene ali ndi alonda awiri, nalola mmodzi kupha mnzake, asadabwe m'mwezi wa January akapeza kuti chimanga chatha mvula isanathe.